Madontho awiri akukwanira kupeza equation ya mzere woongoka

Ndikamachonga makope a ana a sekondale, chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: mwana waloweza y = mx + c mpaka angathe kuitchula ali m'tulo, koma mukamufunsa kuti m ndi chiyani, amangoyang'ana pansi. Komatu nkhani yonse ya mzere woongoka yagona pa mafunso awiri okha. Mzerewo ukukwera kapena kutsika motani? Nanga ukudula mzere woimirira wa y pamalo pati?

Funso loyambalo ndilo m, amene m'kalasi timati gradient. Mmisiri wokhoma denga amamudziwa bwino ngakhale satchula dzinalo. Akati pa mita imodzi iliyonse yopita chammbali denga likwere theka la mita, wanena kale kuti m ndi 0.5. Gradient ndi kukwera kugawa ndi kuyenda chammbali, basi. Mzere wotsika kuchoka kumanzere kupita kumanja umakhala ndi m wa minus. Ndipo c ndi mtengo wa y pamene x ali 0.

Tiyeni titenge madontho awiri, (1, 3) ndi (4, 9). Kuchoka pa loyamba kufika pa lachiwiri, y wakwera kuchoka pa 3 kufika pa 9, kutanthauza 6. Nayenso x wayenda kuchoka pa 1 kufika pa 4, kutanthauza 3. Tikagawa 6 ndi 3 tipeza 2, ndiye m ameneyo. Tsopano tili ndi y = 2x + c. Kuti tipeze c, tilowetse dontho limodzi: 3 = 2 × 1 + c, choncho c ndi 1. Equation yathu ndi y = 2x + 1.

Apa ndi pamene ana ambiri amagwera m'mbuna. Pamwamba alemba 9 − 3, pansi nkulemba 1 − 4, ndipo amapeza −2. Ayamba ndi dontho lachiwiri pa y koma nkuyamba ndi loyamba pa x. Ndimawachonderera kuti asanapereke pepala ayese yankho lawo ndi dontho limene sanaligwiritse ntchito. Ikani x = 4 mu 2x + 1, mupeza 9. Zagwirizana. Ntchito yosakwana mphindi imodzi imeneyi yapulumutsa malikisi ambiri pa mayeso a MSCE, ndipo sindimvetsa chifukwa chake ana amaiona ngati yotayitsa nthawi.

Luso lolemba mzere wojambulidwa ngati equation linafala kuchokera kwa René Descartes wa ku France, amene anasindikiza maganizo ake m'chaka cha 1637. Pierre de Fermat, wa ku France komweko, anafika pa nzeru yomweyi payekha m'zaka zomwezo.

Wina angafunse kuti zimenezi zimathandiza chiyani kunja kwa kalasi. Taganizirani mayi amene wagula thermometer yoyeza kutentha kwa thupi, koma ikuwerenga mu Fahrenheit pamene kuchipatala amalankhula za Celsius. Madzi amaundana pa 0 mu Celsius, amene ndi 32 mu Fahrenheit. Amawira pa 100, amene ndi 212. Amenewa ndi madontho awiri, (0, 32) ndi (100, 212). Kukwera ndi 180, kuyenda chammbali ndi 100, choncho m ndi 1.8. Apa c sitivutika naye, chifukwa dontho loyamba latipatsa kale 32. Equation ndi F = 1.8C + 32. Thupi la munthu wabwinobwino, pafupifupi 37, limapereka 98.6. Ngati mayi uja wayeza mwana wake ndipo chipangizocho chikuonetsa 102.2, chotsani 32 nkugawa ndi 1.8, mupeza 39. Mwana ameneyo watentha thupi ndithu, apite naye kuchipatala.

Pali mtundu umodzi wokha wa mzere woongoka umene sulowa mu y = mx + c. Madontho ngati (4, 1) ndi (4, 7) ali ndi x wofanana, ndiye pansi pamatsala 0, ndipo nambala siigawika ndi 0. Mzere umenewo waima chilili ngati mzati wa magetsi, ulibe gradient yoti tingalembe, ndipo equation yake ndi x = 4.