Chifu chikachepetsedwa, moyo umakhala wotani?

Mayi wina wazaka za m'ma 40 analowa m'chipinda changa chopimira akuyenda mogwira khoma. Miyezi inayi m'mbuyomo anapita kunja kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo thupi linali litatsikadi, chilundu mpaka kuzungulira kawiri. Koma mapazi anali atachita dzanzi, chakudya chinkangobwerera, tsitsi linkatsalira pachipeso. Nditawafunsa za mavitamini amene anawapatsa, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo kopanda kanthu. "Anatha kalekale, adokotala. Ine ndimayesa ndi omwa pofuna kuti bala lipole basi."

Mtima unandiwawa, chifukwa opaleshoniyo inachitika bwino. Mpeni sunalakwe paliponse. Chimene chinasowa ndi munthu woti awayang'anire atabwerera kumudzi.

Tiyambe ndi zimene madokotala amachita m'mimbamo. Njira zofala masiku ano ndi ziwiri, ndipo zonse amazichita poboola timabowo ting'onoting'ono pamimba n'kulowetsa kamera. Yoyamba ndi sleeve gastrectomy: amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi. Yachiwiri ndi gastric bypass, imene dokotala wa ku America Edward Mason anaiyambitsa ku Iowa m'zaka za m'ma 1960. Apa amasiya kathumba ka chifu kosaposa dzira kukula kwake, n'kukalumikiza kumatumbo aang'ono, kotero chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chiyambi cha matumbo.

Ambiri amaganiza kuti munthu amawonda chifukwa choti malo a chakudya achepa. N'zoona, koma nkhani siithera pomwepo. Chifu chimatulutsa homoni yotchedwa ghrelin, imene imauza ubongo kuti njala yafika, ndipo yambiri imachokera kumtunda kwa chifu kumene kumachotsedwa pa sleeve. Matumbo nawo amayamba kutulutsa mahomoni ena othandiza insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, kugwira ntchito. N'chifukwa chake odwala shuga ena amaona shuga wawo atatsika patangopita masiku ochepa, thupi lisanayambe n'kuphwa komwe.

Opaleshoniyi si ya munthu wofuna kukwana m'diresi la ukwati. Timayang'ana BMI, nambala yosonyeza kunenepa kwa munthu, yomwe timaipeza pogawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Munthu wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 100 ali ndi BMI ya 39. Kuyambira 1991 muyezo unali BMI ya 40, kapena 35 ngati pali matenda ena monga shuga ndi BP. Mu 2022 mabungwe aakulu a madokotala a opaleshonizi anautsitsa: 35 kupita m'mwamba, kapena kuyambira 30 kwa amene ali ndi matenda ngati shuga.

Phindu lilipo, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Ku Sweden, kuyambira 1987, akatswiri anatsatira anthu pafupifupi 2,000 ochitidwa opaleshoni ndi ena 2,000 onenepa mofanana amene sanachitidwe. Patapita zaka zoposa 20 anapeza kuti ochitidwa opaleshoni ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi zitatu kuposa anzawowo. Munthu amataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ena kuposerapo. Koma zimene odwala amandiuza si manambala. Amati mawondo asiya kulira pokwera minibasi. Amati akugona osabanika, mkonono watha. Bambo wina anangoti, "Ndikutha kudzimanga nsapato ndekha," n'kukhala chete kanthawi.

Tsopano tifike pambale, poti m'pamene pagona nkhani. Masabata oyambirira ndi zamadzimadzi zokha, kenako phala lopyapyala ndi zophwanyaphwanya. Ngakhale bala litapola, mtanda wa nsima umene kale unali woyambira chabe umakhala phiri. Mbamu ziwiri zitatu, mwakhuta. Ndiye dongosolo la kudya limatembenuka: muyambe ndi ndiwo zomanga thupi, nsomba, dzira, nkhuku, nyemba, chambiko, nsima ibwere pomaliza ngati malo atsala. Mutafune mpaka chakudya chisalale m'kamwa. Madzi musamwere pachakudya. Dikirani theka la ola, ndipo muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene anachitidwa bypass akamwa thobwa lotsekemera kapena tiyi wa masipuni atatu a shuga, amatha kugwidwa thukuta, chizungulire, mtima kugunda mofulumira ndi kutsegula m'mimba, chifukwa shugayo wagwera m'matumbo nthawi imodzi.

Kwathu kuno chakudya si cha mimba yokha. Mukapita kwa apongozi n'kutsina kawiri kenako n'kusamba m'manja, mwanyoza. Ndipo munthu akaphwa thupi mofulumira anthu sanena kuti wachira. Amanong'onezana kuti kodi akudwala chiyani, poti kunenepa timakuwerenga ngati chizindikiro choti zinthu zikuyenda. Ndaonapo mayi akudzikakamiza kudya pamaliro kuopa pakamwa pa anthu, n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Uzani am'banja mwanu musanapite, makamaka amene amakuphikirani.

Mavitamini ndi a moyo wonse. Vitamini B12, ayironi, kashiamu ndi vitamini D sizilowanso m'magazi ngati kale, ndiye magazi amachepa, mafupa amafooka, mitsempha imavulala. Choopsa kwambiri ndi kusowa kwa vitamini B1 mwa munthu amene akusanza kosalekeza, chifukwa thupi limasunga wokwana masabata ochepa okha, ndipo akatha ubongo ndi mitsempha zimatha kuwonongekeratu. Ili ndilo linali vuto la mayi aja. Kusanza masiku angapo motsatizana pambuyo pa opaleshoniyi si kodikira nako kuti muone mawa.

Pali zinanso zokhudza mankhwala zimene sindikufuna muzimvere pamsika. Brufen, diclofenac ndi anzake amatha kuyambitsa zilonda pamene pasokedwa, makamaka pa bypass. Mankhwala a shuga ndi a BP ayenera kuonedwanso msanga, apo ayi shuga adzatsika mopitirira. Amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir adziwe kuti mapiritsi a ayironi ndi kashiamu amatha kulepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. A kuchipatala cha ma ARV akuuzeni nthawi yomwera chilichonse. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale, ndipo ena amene sanali zidakwa amagwa m'chizolowezicho. Kwa amayi, kubereka kumatha kubwerera thupi likatsika, koma pakati padikire chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, ndipo mapiritsi olera sangadaliridwe pambuyo pa bypass.

Ngozi za opaleshoni yeniyeniyo ziliponso: posoka kudontha, magazi kuundana m'miyendo, miyala m'ndulu, chilungulira chosatha kwa ena a sleeve. M'manja mwa madokotala oizolowera, imfa ndi zochepa kwambiri, mofanana ndi opaleshoni yochotsa ndulu. Khungu limatsala lolendewera pamimba ndi m'mikono. Ndipo pakapita zaka ena amanenepanso, kwenikweni amene ayamba kumangotolatola zotsekemera tsiku lonse. Majakisoni monga Ozempic ndi Wegovy atchuka masiku ano ndipo amathandizadi, koma ndi odula, amatsitsa thupi mocheperapo kuposa opaleshoni, ndipo mukasiya thupi lambiri limabwerera.

Ngati mukusonkhanitsa ndalama zopitira ku India kapena ku South Africa, muwerengere ndi za m'tsogolo zomwe. Pezani dokotala kuno kwathu amene wavomera kukuonani musanakwere ndege. Funsani kumene muziyezetsa magazi, kangapo m'chaka choyamba, kenako chaka chilichonse. Funsani mtengo wa mavitamini pamwezi komanso kumene amapezeka. Mubwere ndi kalata yofotokoza mtundu wa opaleshoni imene mwachitidwa, chifukwa tsiku limene mudzafike kuchipatala usiku mimba ikupweteka, wokulandirani adzafuna kudziwa mmene matumbo anu analumikizidwira.

Mayi aja tinawagoneka n'kuwapatsa vitamini B1 kudzera mumtsempha tsiku lomwelo. Kusanza kunasiya, ndipo pano akuyenda osagwira khoma. Shuga wawo ali bwino popanda jakisoni. Dzanzi la zala ziwiri za phazi lamanzere silinathe.