Ndiwo zolimidwa m'madzi si madzi okhaokha

Kwa zaka ndithu ndakhala ndikumva anthu akunena kuti letesi kapena tomato wolimidwa popanda dothi, ulimi uja amati hydroponics, alibe chopatsa thanzi, ati ndi madzi okhaokha. Zafika ponditopetsa.

Chomera sichidya dothi. Mizu imayamwa madzi momwe mwasungunuka michere monga nayitrojeni, fosiforasi, potaziyamu ndi kashiyamu. Dothi limangosunga micherezo ndi kugwira mizu. Pa hydroponics micherezo zimathiridwa m'madzi momwemo, pH (muyeso wa kuwawasa kwa madziwo) n'kuisunga pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo nthawi zambiri mizu siimizidwa yonse chifukwa nayonso imafuna mpweya. Shuga ndi mavitamini, chomera chimapanga chokha dzuwa likamachiwomba.

Uthenga woti ndiwozi ndi madzi okhaokha ukakupezani pa WhatsApp, musathamangire kuutumiza kwa anzanu. Funsani mlangizi wa zaulimi, kapena yesani nokha pakhonde. Tengani mabotolo awiri a malita 2, lililonse mbande imodzi ya letesi. Lina madzi apampopi okha, linalo osakaniza ndi michere ya hydroponics. Akulungeni ndi pepala lakuda kuti ndere zisamere. Pakatha milungu itatu, ya madzi okha imakhala yachikasu ndi yopinimbira, pomwe inzake ikuphukira masamba obiriwira.