Makaniko wa ndege ku America amatsala ndi zingati mwezi ukatha?

Achinyamata amene amandifunsa za ntchito yathu yokonza ndege amayamba ndi funso limodzi: "Kodi mumalandira zingati?" Ndikatchula nambala, amathamangira kusintha madolawo kukhala makwacha, kenaka maso amatuluka. Apa ndimawaimitsa kaye, chifukwa lendi ya kuno salipira m'makwacha.

Nambalayo nayi. Malinga ndi Bureau of Labor Statistics, nthambi ya boma la America yowerengera za ntchito, mu 2023 makaniko wa ndege wapakatikati ankalandira pafupifupi madola 75,000 pachaka. Ndiye kuti madola 6,250 pamwezi, msonkho usanadulidwe. Theka la amakaniko linkalandira zochepera pamenepo, makamaka oyamba kumene ndi ogwira m'makampani ang'onoang'ono. Amene akhalitsa ku makampani akuluakulu monga Delta, United ndi American Airlines, kapena kwa onyamula katundu monga UPS ndi FedEx, amapyola madola 100,000, makamaka akaphatikiza ovataimu.

Tsono chimene ambiri sachidziwa n'chakuti m'makampani akuluakulu ambiri malipiro amalembedwa mumgwirizano wa pakati pa kampani ndi bungwe la ogwira ntchito, ndipo amakwera potsata zaka zimene wagwira. Mzinda umene ukukhala susintha zambiri. Taganizirani amakaniko awiri olandira ndalama zofanana. Mmodzi ali ku Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma, kumene American Airlines yakhala ikukonzera ndege zake kuyambira 1946. Winayo ali ku San Francisco, kumene kuli malo aakulu okonzera ndege a United. Ku Tulsa nyumba ya chipinda chimodzi chogona imapezeka pa madola pafupifupi 1,000 pamwezi, pamene ku San Francisco yotereyo imafika pafupifupi 3,000. Onjezani msonkho wa chigawo, umene ku California ndi wokwera pamene ku Texas ndi ku Florida sadula n'komwe pamalipiro. Wa ku Tulsa akhoza kugula nyumba yakeyake m'zaka zochepa. Mnzakeyo amagawana nyumba ndi anthu ena, kapena amakhala kutali n'kumayendetsa galimoto ola lathunthu kapena kupitirira popita kuntchito.

Ndiye bwanji onse osangothamangira ku Tulsa? Chifukwa pantchito ino woyamba kulowa ndiye amayamba kusankha. Malo akatseguka mumzinda wotchipa, amatenga ndi amene ali ndi zaka zambiri pakampani. Watsopano amapatsidwa malo amene anzake akuwathawa, ndipo kawirikawiri ndi m'mizinda yodula. N'chimodzimodzinso ndi mashifiti. Ndege zimauluka masana n'kukonzedwa usiku, choncho watsopano ayembekezere zaka zingapo zogwira usiku, Loweruka, Lamlungu ndi pa Khirisimasi pomwe. Alipo anzathu amene banja analisiya mumzinda wina. Amakwera ndege ya kampani pakakhala mpando wotsala, masiku antchito n'kumagona m'chipinda cha mabedi osanjikiza chimene amasonkherana angapo. Zimapulumutsa ndalama, koma ana amakula bambo kapena mayi awo ali kutali, ndipo ine mtengo umenewu ndimauona kukhala waukulu kuposa lendi.

Palinso zipangizo. Masipanala, masikuludiraiva, mapulayala opotera waya wotsekera mabawuti, zonsezi m'malo ambiri makaniko amagula yekha, ndipo bokosi labwino limadya madola masauzande angapo. Ambiri amatenga pangongole kwa ogulitsa a Snap-on amene amabwera ndi galimoto mpaka pakhomo pa ntchito, n'kumabweza sabata ndi sabata. Inshuwalansi ya kuchipatala nayo imadulidwa pamalipiro omwewo.

Mwina mungafunse kuti ndalama zimenezi amatilipira chifukwa chiyani. Bwerani nane cha m'ma 3 koloko usiku, m'nyengo yachisanu, pansi pa phiko la ndege. Tochi ili pakamwa, zala zachekeka ndi waya, ndipo madzi a mabuleki otchedwa Skydrol, amtundu wa pepo, akakudonthera m'diso amawawa ngati tsabola wa kambuzi. Ukamanga bawuti yomaliza umatenga buku la ndegeyo, n'kulemba zimene wachita, kusayina ndi kuikapo nambala ya layisensi yako. M'mawa anthu oposa 150 akwera ndegeyo podalira siginecha imeneyo. Chikalakwika, ofufuza amatsata dzina lako ngakhale patapita zaka. Ndikamva munthu akunena kuti amakaniko a ndege amalandira zambiri, ndimakumbuka kulemera kwa cholembera pa nthawi imeneyo.

Layisensiyo kuno imatchedwa A&P, ndipo amapereka ndi a FAA, bungwe loyang'anira za ndege. Imakhudza thupi la ndege ndi injini. Njira zoipezera ndi ziwiri: kuphunzira pasukulu yovomerezedwa, nthawi zambiri kwa zaka ziwiri kapena kucheperako pang'ono, kapena kusonyeza umboni woti wagwira ntchitoyi miyezi 30 pa mbali zonse ziwiri. Kenaka pali mayeso olemba, apakamwa ndi ochita ndi manja. Wopanda layisensi amagwira pansi pa wina ndipo malipiro ake amakhala otsika kwambiri.

Kwa inu amene muli pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka, kapena munakaphunzira ku Addis Ababa kwa a Ethiopian Airlines, dziwani kuti layisensi ya dziko lina sisanduka A&P yokha, ndipo ku Ulaya ali ndi yawo ya EASA, bungwe lawo loyang'anira za ndege. Chimene chingakuthandizeni ndi umboni wa ntchito. Lembani ntchito iliyonse imene mwagwira, mtundu wa ndege, tsiku lake, ndipo amene amakuyang'anirani asayine nthawi yomweyo. Ndipo kalata ya ntchito ikadzabwera, musanayang'ane malipiro a pa ola, funsani mzinda umene akukutumizani, shifiti imene mudzayambire, ndi zaka zimene zimatenga kuti mufike pamalipiro apamwamba.