Diwali imodzi, masiku awiri: nkhani yagona pa mwezi

Mu 2024 Ahindu a ku India anagawikana pa tsiku loyatsa nyali za Diwali, chikondwerero chawo chachikulu cha nyali. Ena ankati ndi pa 31 Okutobala, ena pa 1 Novembala. Akatswiri ambiri a chipembedzo a ku Varanasi anasankha 31, pomwe misika ya masheya ya ku Mumbai inachita malonda ake a mwambo, a ola limodzi, madzulo a pa 1. Wapadera angaganize kuti wina anaphonya masamu. Ine amene ndimaphunzitsa za zipembedzo ganizo limenelo ndimalikana, chifukwa onsewo ankawerengera mwezi womwewo, ndipo anasiyana pa funso lina.

Nkhani yagona pa mawu akuti tithi. Tsiku la chikondwerero cha Chihindu siliyamba 12 koloko usiku ngati la pa kalendala ya pakhoma. Chimene amayeza ndi mpata wa pakati pa mwezi ndi dzuwa kumwambaku. Mpatawo ukawonjezeka ndi madigiri 12, tithi imodzi yatha, ina yayamba, ndipo pamwezi zimakwana 30. Koma mwezi suyenda pa liwiro limodzi. Ukayandikira dziko umafulumira, ukatalikira umachedwa, motero tithi ina imatha pa maola pafupifupi 20, ina imapitirira maola 26. Ikhoza kuyamba dzuwa lili paliwombo n'kudzatha mawa lake anthu akuweruka ku ntchito. Ikatero yakhudza masiku awiri, ndiye mwambo uchitike liti?

Yankho limadalira ola limene mwambowo umafuna. Pemphero lalikulu la Diwali, lopita kwa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, limachitika chisisira, pa tithi ya mdima wa mwezi yotchedwa amavasya. Mu 2024, pa nthawi ya ku India, amavasya inayamba itatsala pang'ono kukwana 4 koloko madzulo a pa 31 Okutobala, n'kutha itangopitirira 6 koloko madzulo a pa 1 Novembala, dzuwa litangolowa kumene. Zisisira zonse ziwiri zinagwera m'kati mwake. A pa 31 anati tsiku lawo ndi limene linatenga madzulo onse ndi usiku wonse. A pa 1 anati tithi imene dzuwa laipeza potuluka, n'kufikanso chisisira, ndiyo mwini tsiku. Mfundo zonse ziwiri zili m'mabuku awo akale a miyambo.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa mulungu wawo Krishna, lotchedwa Janmashtami, limagawanso anthu motero, ndipo apa mzere wake umadziwika. Ahindu a mwambo wa Smarta, amene amapembedza milungu ingapo mofanana, amafuna kuti tithi yachisanu ndi chitatu ikhalepo pakati pa usiku, ola limene amakhulupirira kuti Krishna anabadwa. A Vaishnava, opembedza mulungu Vishnu ndi Krishna, kuphatikizapo gulu la ISKCON la a Hare Krishna, amayang'ana tithi ya potuluka dzuwa, choncho kawirikawiri amasala kudya ndi kukondwerera mawa lake.

Apa ndi pamene ndimafuna ophunzira anga atchere khutu. Tithi imayamba pa kamphindi kamodzi dziko lonse, koma dzuwa silituluka kapena kulowa nthawi imodzi paliponse. Wotchi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu ndi theka. Amavasya ija inatha 3 koloko masana isanakwane ku Blantyre ndi ku Lilongwe, dzuwa lidakali m'mwamba. Kwa Mhindu wowerengera kumene akukhala kuno, chisisira cha pa 1 Novembala chinali kale kunja kwa amavasya. Mlongo wake wa ku Gujarat, chigawo cha kumadzulo kwa India, akanatha kuyatsa nyali mawa lake popanda wolakwa. Asilamu athu amachidziwa chinthu chofananirako pa Eid, ngakhale iwo amadikira kuona mwezi ndi maso pomwe Ahindu amachita kuwerengeratu.

Zigawo za India nazo zili ndi zawo. Ku Tamil Nadu tsiku lalikulu ndi la tithi yam'mbuyo, imene imatsogolera amavasya, lokumbukira kugonja kwa chiwanda chotchedwa Narakasura, ndipo amasamba atadzola mafuta m'mbandakucha. Kumpoto mwezi umatha ukakhala wathunthu, pomwe ku Gujarat, Maharashtra ndi Karnataka umatha pa mdima, moti Janmashtami yomweyo ena amati ili m'mwezi wa Bhadrapada, ena wa Shravana. Ku Kerala, ku Bengal ndi ku Tamil Nadu miyezi amaiwerengera ku dzuwa.

Boma la India linayesa kulongosola zimenezi. Komiti imene linakhazikitsa mu 1952, yotsogozedwa ndi wasayansi Meghnad Saha, inapeza makalendala pafupifupi 30 akugwiritsidwa ntchito m'dzikomo, ndipo kalendala ya dziko lonse inayamba pa 22 Malichi 1957. Inalowa m'zikalata za boma, koma m'makachisi ndi m'manyumba anthu anapitiriza kutsegula panchang, buku la chaka limene limasonyeza ola loyambira ndi lothera tithi iliyonse. Mnzanu wa Chihindu akakuitanani ku Diwali, m'funseni tsiku limene kachisi wake walengeza, chifukwa wansembe wa kumeneko ndi amene amatsegula panchang n'kuiyerekeza ndi ola limene dzuwa limalowa mumzinda wanuwo.