Ndege yoyenera kumaboma a Tete: yambani mwafunsa za kutentha

Anthu akamva za ndege zing'onozing'ono, amathamangira kufunsa kuti imanyamula anthu angati. Ife okonza ndege timayamba ndi mafunso ena: ikatera pati, ndipo idzanyamuka nthawi yanji ya tsiku?

Bwalo la Chingozi, mumzinda wa Tete ku Mozambique, lili ndi msewu wa ndege wautali wa phula, n'chifukwa chake majeti ochokera ku Maputo amaterapo bwinobwino. Koma madera monga Zumbo kapena Furancungo sangayembekezere bwalo lotere. Chotheka kumeneko ndi kabwalo kakafupi ka dothi, ndipo jeti ilibe nako ntchito.

Nkhani yaikulu ili pa mpweya. Mapiko amanyamula ndege pokankha mpweya, injini nayo imapuma mpweya womwewo. Kukatentha, mpweya umapepuka; mukakwera kumapiri, umapepukanso. Zikatero ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo imakwera mwaulesi. Chingozi ili pa mamita pafupifupi 160 kuchokera pa nyanja yamchere, komatu masana a mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 42, ndege imachita ngati ikunyamuka pamalo okwera mamita 1,200. Ku Ulongwe, komwe n'kokwera kale mamita pafupifupi 1,300, kutentha kwa madigiri 30 okha kumapangitsa ndege kumva ngati ili pamwamba pa mamita 2,000. Choncho mukaona woyendetsa akukukwezani pa sikelo, kenako n'kunena kuti matumba awiri a mbatatesi atsale, si nkhanza ayi. Ndege si chapa (minibasi) yoti wina n'kukhala pa mwendo pa mnzake. Kilogalamu iliyonse yowonjezera imadya msewu, ndipo kumapeto kwa msewu kuli mitengo. Ndiye chifukwa chake maulendo otere timawakonda m'mamawa.

Ndikati ndisankhe imodzi, ine ndingaloze Cessna 208 Caravan. Inauluka koyamba mu 1982, ili ndi injini imodzi ya PT6A yopangidwa ndi kampani ya Pratt & Whitney Canada, ndipo nthawi zambiri imanyamula anthu 9, ngakhale mipando imatha kuwonjezeredwa kumene malamulo alola. Matayala ake sapindika kulowa m'kati, zomwe zimaichedwetsa pang'ono mumlengalenga koma zimachepetsa zinthu zoti ziwonongeke ndi fumbi. Pansi pa mimba pake amamangapo bokosi la katundu, ndipo mipando imachotsedwa msanga kuti mulowe machira a wodwala kapena makatoni a mankhwala. Kuchokera ku Zumbo kufika ku Tete, molunjika, ndi makilomita pafupifupi 340, ulendo woti Caravan imatha mu ola limodzi ndi mphindi zochepa. Amene anayendapo njirayi pagalimoto nthawi ya dzinja akumva zimene ndikunena.

Anthu akachuluka, kapena bwalo likakhala lalifupi kwambiri, pali DHC-6 Twin Otter ya ku Canada, yomwe inayamba kuuluka mu 1965. Imanyamula anthu 19, ili ndi injini ziwiri, ndipo pa nkhani yodzuka pamalo ochepa, ndi zochepa zimene zingafanane nayo. Koma injini ziwiri ndi mafuta ambiri, ntchito ya amakaniko yambirinso. Kuiyendetsa ndi anthu asanu okha n'kuotcha ndalama. Pilatus PC-12 ya ku Switzerland ndi yothamanga, yabwino kutengera wodwala kutali, koma mtengo wake ndi wa makampani a migodi.

Cessna 206, ya mipando 6, ndi yotsika mtengo pogula, ndipo ambiri amakopeka nayo. Vuto ndi mafuta. Injini yake imamwa avgas, petulo wapadera wa ndege amene ndi wodula komanso wosowa m'mabwalo ambiri a kuno ku Africa. Caravan ndi Twin Otter zimamwa Jet A-1, mafuta a mtundu wa palafini omwe majeti amagwiritsanso ntchito, ndiye amapezeka msanga pabwalo lalikulu. Kumaboma kulibe pothira, kotero ndege imanyamuliratu mafuta obwerera, ndipo kulemera kwake kumachotsa malo a katundu.

Chomwe chimaiwalika pokambirana zogula ndege ndi bwalo lenilenilo. Mvula ikagwa usiku, dothi limafewa, matayala n'kumakanirira. Chiswe chimamanga chulu pakati pa msewu, udzu umakula, mbuzi ndi ng'ombe zimadutsa. Timiyala timene pulopela imayamwa pothamangitsa injini timaisema m'mphepete, ndipo kuikonza si ndalama zamasewera. Pafunika munthu wolembedwa ntchito, wokhala ndi foni, amene aziyenda msewu wonse wapansi ndege isananyamuke ku Chingozi, n'kumuuza woyendetsa ngati pauma kapena ayembekeze mawa.