Peripateo: Mneni wa Chigiriki Umene Sunena Kumene Munthu Akupita

Aliyense amene wawerenga makalata a mtumwi Paulo mofatsa adzaona kuti mawu akuti "yendani" amabwera kawirikawiri, ngakhale pamene nkhani yake sikukhudza ulendo ayi. Kumbuyo kwa mawu amenewa kuli mneni wa Chigiriki wakuti peripateo, umene umapezeka pafupifupi ka 95 m'Chipangano Chatsopano. Mneniwu uli ndi zigawo ziwiri: peri, kutanthauza "mozungulira", ndi pateo, kutanthauza "kuponda". Kwa Mgiriki wamba tanthauzo lake linali kuyenda pansi, kupondaponda m'bwalo kapena pamsika, popanda kutchula kumene munthuyo wachokera kapena kumene walowera. Ophunzira a Aristotle, katswiri wa nzeru wa Chigiriki amene anayambitsa sukulu yake ku Athens cha m'ma 335 BC, anatchedwa dzina lochokera ku tsinde lomweli, chifukwa cha khonde loyendamo limene ankasonkhanapo.

M'mabuku a Uthenga Wabwino ndi m'Machitidwe, mneniwu nthawi zambiri umanena za miyendo yeniyeni. Ndi umene Yesu anagwiritsa ntchito pouza wodwala wa pa thamanda la Betesda kuti anyamule mphasa yake ayende, pa Yohane 5:8, ndiponso ndi umene ukufotokoza Yesu ndi Petro akuyenda pamadzi pa Mateyu 14. Pa Machitidwe 3:8 munthu wopunduka chibadwire akulowa m'Kachisi akuyenda ndi kulumpha. M'ndime zonsezi chodabwitsa ndi chakuti munthuyo akuyenda, osati kumene wafika. Wolemba akafuna kunena za ulendo wokhala ndi mathero, monga Yesu polunjika ku Yerusalemu pa Luka 9:51, amasankha mneni wina, poreuomai.

Koma pa Marko 7:5 Afarisi akufunsa chifukwa chake ophunzira a Yesu "sayenda" monga mwa mwambo wa akulu, ndipo nkhani yake ndi yosamba m'manja asanadye. Apa Chigiriki chavala malaya a Chihebri. Agiriki akale sankakonda kugwiritsa ntchito peripateo ponena za khalidwe, koma Ayuda anali ndi mneni wakuti halak, umene unkanena za kuyenda ndi miyendo komanso za mmene munthu akukhalira pamaso pa Mulungu, ndipo mpaka lero malamulo a moyo wa tsiku ndi tsiku a Chiyuda amatchedwa halakha. Otanthauzira Septuagint, Chipangano Chakale cha m'Chigiriki, anavutika nawo mawuwa. Pa 2 Mafumu 20:3, pamene Hezekiya akukumbutsa Mulungu kuti anayenda pamaso pake m'choonadi, anaikapo peripateo. Koma pa Genesis 5:22, pamene Chihebri chimati Enoki anayenda ndi Mulungu, iwo analemba kuti Enoki anakondweretsa Mulungu, ndipo ndi kamasuliridwe kameneka kamene Ahebri 11:5 akutsata.

Ife olankhula Chichewa vuto limenelo tilibe, ndipo ndimaona kuti ndi mwayi umene sitiulabadira mokwanira. Agogo akanena kuti mayendedwe a mwana uyu sali bwino, palibe amene amayang'ana miyendo ya mwanayo. Chinenero chathu chili pafupi ndi maganizo a Chihebri kuposa mmene Chigiriki chenichenicho chinalili. Chenjezo langa kwa alaliki ndi limodzi: musathyole mneniwu pakati n'kumaphunzitsa kuti, popeza peri ndi "mozungulira", ndiye kuti peripateo ndi "kuyendayenda". Kwathu munthu woyendayenda ali ndi mbiri yoipa, ndipo mbiri imeneyo mulibe m'mawu a Chigirikiwa. N'zoona kuti pa 1 Petro 5:8 mdierekezi akuyenda uku ndi uku ngati mkango wobangula, koma mneni womwewo ukunena za Khristu woyenda pakati pa zoikapo nyale zisanu ndi ziwiri pa Chivumbulutso 2:1.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Paokha, peripateo sayamikira ndipo sadzudzula. Kulemera konse kuli pa mawu amene aima pambali pake. M'makalata otchedwa ndi dzina la Paulo mneniwu umapezeka koposa ka 30, ndipo ponseponse ukunena za khalidwe. Taonani Aefeso 2: pa ndime 2 owerenga akukumbutsidwa kuti kale ankayenda m'zolakwa ndi m'machimo, ndipo pa ndime 10 akuuzidwa kuti Mulungu anakonzeratu ntchito zabwino kuti ayende m'menemo. Mneni sunasinthe, chasintha ndi dothi limene phazi likupondapo. Kenaka kalatayi ikubwerezabwereza: kuyenda koyenera maitanidwe pa 4:1, m'chikondi pa 5:2, monga ana a kuunika pa 5:8, mosamala ngati anzeru pa 5:15. Choncho wowerenga akakumana ndi "yendani", funso loyenera si lakuti "kupita kuti?" koma "motani, mwa chiyani, ndiponso ndi yani?"

Pali malo amodzi pamene mabaibulo ambiri amabisa kusiyana kofunika. Pa Agalatiya 5:16 Paulo akuti peripateite, yendani mwa Mzimu, m'kalembedwe kosonyeza chinthu chopitirira, cha tsiku ndi tsiku. Koma pa ndime 25 akusintha mneni n'kugwiritsa ntchito stoicheo, wochokera ku mawu otanthauza mzere, monga wa asilikali oguba. Woyambawo ukunena za moyo wonse wa munthu kulikonse kumene ali. Wachiwiriwu ukuwonjezera ganizo la kusunga mzere umene wina akutsogolera. N'chifukwa chake ndime yotsatira, ya 26, ikuletsa kudzitukumula, kuputana ndi kuchitirana njiru, zinthu zimene zimasokoneza anthu oyenda pamzere umodzi.