Kompyuta yakale ikhoza kulondera intaneti yanu

Mwezi wathawu mwini malo ena ogona alendo ku Senga Bay anandiitana. Kompyuta ya ku ofesi, momwe amasungamo maakaunti onse, inali pa WiFi imodzi ndi mafoni a alendo, choncho mlendo akanatha kufika pa kompyutayo. Ndinawauza kuti, "Bambo, musagule kanthu, tiyeni titulutse kompyuta yakale ili mʼsitolo ija."

Tinkafuna kuisandutsa rauta. Ntchito ya rauta ndi kulandira uthenga mbali ina nʼkuupititsa mbali ina, ndipo kompyuta ya Linux imaitha ntchitoyi bola ikhale ndi makhadi a netiweki okwanira. Ife tinaika atatu: lopita ku modemu, la ku ofesi, ndi la alendo. Awiri anali otsomeka pa USB. Tinaikamo Debian, womwe ndi mtundu wina wa Linux, nʼkulemba net.ipv4.ip_forward=1 kuti makinawo ayambe kudutsitsa uthenga. Pulogalamu ya dnsmasq ndiyo imagawira foni iliyonse adiresi, monga 192.168.20.15, pomwe lamulo lotchedwa masquerade limachititsa kuti onse atulukire pa adiresi imodzi ya modemu.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa firewall, malamulo osankha uthenga wololedwa kudutsa ndi wokanidwa. Timagwiritsa ntchito pulogalamu ya nftables, yomwe inalowa mu Linux mu 2014 kudzatenga malo a ina yakale yotchedwa iptables. Anthu ambiri amatsegula zonse kenako nʼkumatseka zoipa chimodzichimodzi, koma zoipazo simungazimalize. Yambani ndi policy drop, kutanthauza kuti chilichonse chikanidwe, kenako muzitsegula zofunika zokha. Lamulo loyamba kutsegula ndi ct state established,related accept. Ili lili ngati mlonda wa pageti amene amakumbukira aliyense wotuluka: yankho la uthenga womwe mwatumiza nokha limalowa, koma wobwera osaitanidwa amabwerera pomwepo. Alendo tinawalola kupita ku modemu basi, njira ya ku ofesi osaitsegula. Musaiwalenso kudzitsegulira doko 22 la SSH (khomo lolamulira makinawo muli pa kompyuta ina) kuchokera ku ofesi, apo ayi mudzitsekera kunja.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi magetsi. Malamulo olembedwa pamanja amafufutika makina akazima, ndiye asungeni mu /etc/nftables.conf ndipo mulembe systemctl enable nftables kuti azibwerera okha makina akayaka. Mu BIOS, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyaka, sankhani kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera. Ndi kutentha kwa ku Salima mu Okutobala, iikeni pamalo opita mphepo ndipo muzipukuta fumbi pa fani.

Tisanachoke tinazimitsa dala kompyuta yakale ija pakhoma nʼkuiyatsanso. Kenako ndinabwereka foni ya mlendo nʼkuyesa kufika pa kompyuta ya ku ofesi. Inakana, koma WhatsApp ikuyenda bwinobwino.